Matola a mumlengalenga andikanika

Pali luso limodzi limene Mulungu anandipatsa mosaumira, ndipo sindichita nalo manyazi: ndimadziwa kugona pa nthawi yake. Mukandinyamula pa galimoto yanu kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, ticheza bwinobwino za mpira, za ndale, za mtengo wa feteleza. Koma mukangoyamba kukhotera pomwetsera mafuta, zikope zanga zimalemera zokha, mutu n'kugwera pa windo. Ndimadzidzimuka galimoto itabwerera kale mumsewu, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Tafika pati kodi, bwana?" Anzanga amati ndine woumira. Ine ndimati ndi matenda, kungoti achipatala sanawapezere dzina.

Ndiye mutha kumvetsa mmene mtima wanga unadumphira nditamva kuti mlamu wanga, mlongo wake wa mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Indiana m'dziko la America, watenga laisensi yoyendetsera ndege. Mnyamata ameneyu ndinamupeza akutumidwa kuchigayo pa njinga yopanda mabuleki nthawi imene ndinkafunsira mlongo wake. Lero akuti ndi payiloti. Ine ndege sindinakwerepo. Ndimangoziona zikamatsetserekera ku Chileka. Koma m'mawa mwake Ndirande yense anali atamva kuchokera pakamwa panga kuti banja lathu lagula ndege.

Atabwera kutchuthi, ndinamudikira adye kaye nsima, asambe m'manja, akhale pakhonde. Kenako ndinatulutsa kope la masamu la mwana wanga wa sitandade 6, mmene ndinali nditalembamo pulani yonse.

"Alamu," ndinatero, "Amalawi ku Indiana kuja ndi ambiri. Amapita ku Chicago kumaukwati, kumazinkhoswe, kukachingamira abale. Inu mundiitanitse. Inu muziyendetsa, ine ndizitolera. Pakutha pa chaka tigule yachiwiri."

Anayamba waseka mpaka kutsamwa. Chinthu choyamba chimene anandiuza n'chakuti ndege alibe. Amachita kubwereka kakang'ono ka mipando inayi kotchedwa Cessna 172, n'kumalipira pa ola. Ndinameza malovu, ndikuganiza mmene ndikaibwezere nkhaniyi kwa anzanga a pabawo. Chachiwiri n'chakuti laisensi yake ndi ya payiloti woyendetsa mwa iye yekha, osati wa ganyu. Ku America munthu atha kuitenga atauluka maola osachepera 40. Wofuna kumalipidwa ayenera kufikitsa maola 250 ndi kukhoza mayeso ena, ndipo oyendetsa ndege zikuluzikulu za makampani amafunika maola 1,500. Ngakhale utakhala ndi laisensi ya ganyuyo, kuti uzinyamula anthu wamba pa mtengo pamafunikanso chilolezo china cha kampani yonyamula anthu.

"Ndiye kuti simungalandire ngakhale tambala?"

"Pali kakhomo kamodzi kokha, alamu. Kusonkherana."

Mawu amenewa ine amandiyambitsa tulo, koma ndinadzitsina pa ntchafu. Mlamu anafotokoza kuti bungwe loona za ndege ku America, FAA, lili ndi lamulo nambala 61.113. Lamulolo limalola payiloti ngati iye kugawana ndi amene wawanyamula ndalama zimene ulendo wadya, bola iye asalipire zochepera gawo lake. Anatenga kope lija n'kulemba chitsanzo. Ulendo wadya madola 600, m'ndege muli anthu anayi kuphatikizapo woyendetsa. Aliyense gawo lake ndi 150.

"Ine ndikhoza kulipira 150, kapena 300, ngakhale 600 yonse ngati ndafuna. Koma ndikangolipira 149, ndaphwanya lamulo."

Pa zonse zimene anayankhula tsiku limenelo, mawu akuti "ngakhale 600 yonse" ndi amene ndinawaloweza msanga, ndipo ndinamupempha awabwereze. Koma ngati munthu wa bizinesi ndinakhumudwa. Woyendetsa azilipiranso mpando wake? Ndiye phindu lilowera khomo liti?

Ndinati tiyese njira ina. Titukumule mtengowo. Tiikemo inshulansi, matayala, zolipira amakaniko, kachakumwa ka wotolera, ndi ina ya sopo. Mlamu anawerenga zala zinayi pamaso panga: mafuta, oyilo, ndalama zolipira pa bwalo la ndege, ndi lendi ya ndegeyo. Zogawana ndi zimenezo basi. Ngakhale ndege itakhala yakeyake, sangauze okwera nawo kuti amuthandize inshulansi ya pachaka kapena kukonzetsa injini. Ndinafunsa ngati sopo sangalowe m'gulu la oyilo, poti zonse n'zoterera. Sanandiyankhe.

"Chabwino, ndalama tizisiye," ndinatero motsitsa mawu, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati FAA yabisala kuseri kwa bafa. "Azitipatsa zinthu. Wina mbuzi, wina thumba la mpunga wa Kilombero."

Kumeneko nakonso anatseka kale. Kwa FAA malipiro si ndalama zokha. Chilichonse chaphindu chimene payiloti walandira chifukwa choyendetsa ndege chimawerengedwa. Chimene chinandimaliza n'chakuti ngakhale maola enieniwo ndi malipiro. Payiloti aliyense ali ndi buku lolembamo maola amene wauluka, ndipo maolawo ndi amene amamukweza kupita ku laisensi yapamwamba. Choncho munthu wina akakulipirira ndege yonse kuti umuperekeze kwinakwake, iwe n'kulemba maolawo m'buku lako, boma likhoza kunena kuti walipidwa, ngakhale m'thumba mwako mulibe ndi khobidi lomwe. Anthu amene anaganiza zimenezi ndikuwakayikira kuti anakhalapo ndi mlamu wonga ine.

Sizinathere pomwepo. Pali chinanso chimene amafuna: woyendetsa akhale ndi chifukwa chakechake chopitira kumene akupitako. Mlamu akakhala kuti akupita ku Chicago kukaonera masewera, ine n'kukwera nawo kuti ndikaone azakhali, palibe mlandu; zifukwa zasiyana koma ulendo ndi wake, ndipo akanapita ngakhale ine kulibe. Koma ine ndikangomuimbira foni kuti alamu ndiperekezeni kwakuti, mafuta tigawana, iye kumeneko alibe nako ntchito, basi wasanduka wa hayala. Ndinati zimenezo n'zosavuta, chifukwa chimachita kupangidwa. Tikafika, iye azigula buledi n'kusunga lisiti. Mlamu anati oyendetsa ndege zazing'ono kumeneko amaulukadi kupita ku bwalo lina kukangodya nkhomaliro n'kubwerako, ndipo chimenecho ndi chifukwa chovomerezeka ngati njalayo ndi yoona ndipo ulendowo wauganiza yekha. Koma nkhomaliro imene imabwera nthawi zonse pamene munthu wolipira wapezeka, ofufuza amaidziwa fungo.

Ndinatsala ndi chida chimodzi, chimene ndimachidalira kuposa zonse: mawu anga. Ine ndikaima pa depoti n'kukuwa, wa ku Chirimba amamva. Ndinati ndikaima pa geti la bwalo la ndege n'kumaitanira kuti Chicago awiri, Chicago awiri, yonyamukanyamuka. Ngati kukuzizira, ndilemba pa Facebook.

Apa mlamu anandisimbira za anyamata ena a ku Boston amene anali ndi nzeru ngati zanga zomwezi, kungoti iwo anali ndi kompyuta. Anayambitsa kampani yotchedwa Flytenow, pamene mapayiloti ankalemba pa intaneti maulendo awo kuti ofuna kusonkherana nawo mafuta awapeze. Mu 2014 FAA inati kulengeza ulendo kwa aliyense wofuna ndi kudzionetsa ngati wonyamula anthu pa malonda, ndipo wotero ayenera kukhala ndi ziphaso za malonda. Anyamatawo anakasuma, koma mu Disembala 2015 khoti la apilo ku Washington linagwirizana ndi FAA, kampaniyo n'kutseka. Anayesa kukagogoda ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, koma mu Januwale 2017 linakana kumva nkhaniyo. Mu 2020 FAA inatulutsa chikalata chofotokozera bwino malirewo: kuuza anzako ndi abale ako amene umadziwana nawo kale n'kololedwa, kuitanira dziko lonse ayi. Ntchito yanga inathera pamenepo ndisanaiyambe.

Ndinafunsa ngati kulibe dziko la anthu achifundo. Anati ku Ulaya malamulo ndi omasukirako. Kumeneko amalola anthu osapitirira sikisi, kuwerengera ndi woyendetsa yemwe, kugawana ndalama zimene ulendowo wadya, ndipo kampani yotchedwa Wingly, imene inayamba ku France mu 2015, imalumikiza mapayiloti ndi okwera pa intaneti poyera. Ndinamuuza kuti asamuke mawa lomwe, odwala ali paliponse. Koma anati ngakhale kumeneko woyendetsa amasonkha nawo, ndipo phindu n'loletsedwa. Dziko lonse lapansi linapangana zondikhomerera ine.

Kunena zoona, lamulo lotere si lachilendo kwa ife. Tonse tikudziwa kuti galimoto yonyamula anthu pa mtengo imakhala ya nambala yofiira, ndipo tonse tinakwerapo matola. Mukamayandikira rodibuloko, dalaivala amatembenuka n'kugawa maudindo: inu ndinu amalume anga, inu apongozi, tikupita kumaliro ku Ntcheu. Ine ndakhalapo malume wa madalaivala ambiri amene mayina awo sindiwadziwa, ndipo ndimaoneka wachisoni mokhutiritsa moti wapolisi wina anandipepesa. Kusiyana kwake n'kwakuti matola ikatha mafuta pa Manjawira timatsika n'kukankha. Kumwamba kuja wokankha kulibe.

Nditanena zimenezi, mlamu anasiya kuseka n'kundifunsa ngati ndikumukumbukira Emiliano Sala. Wokonda mpira aliyense akumukumbukira. Anali wosewera wa ku Argentina wa zaka 28, amene timu ya Cardiff City inali itangomugula kumene ku Nantes ya ku France pa mapaundi 15 miliyoni. Usiku wa pa 21 Januwale 2019 anakwera kandege ka injini imodzi, Piper Malibu, kuchoka ku Nantes kupita ku Cardiff. Kanagwera m'nyanja ya pakati pa France ndi England, kufupi ndi chilumba cha Guernsey. Thupi la Sala linapezeka m'zigoba za ndegeyo pansi pa nyanja. La woyendetsa, David Ibbotson, silinapezeke. Ofufuza ngozi a ku Britain anapeza kuti Ibbotson anali ndi laisensi yonga ya mlamu wangayi, yosamulola kulipidwa, komanso analibe chilolezo chouluka usiku, chonsecho ulendowo unali wolipidwa. Anapezanso kuti m'magazi a Sala munali mpweya wambiri wa poizoni wa carbon monoxide, umene uyenera kuti unkalowa m'ndegemo kuchokera ku utsi wa injini. Mu 2021 khoti la ku Cardiff linapeza David Henderson, amene anakonza ulendowo, wolakwa pa mlandu woika ndege pa chiswe, ndipo analamulidwa kukakhala kundende miyezi 18.

Mlamu anati lamulo lija analiikira zimenezi. Munthu akalipira amangokhulupirira kuti zonse zili m'malo mwake. Sadziwa kufunsa za maola a woyendetsa kapena tsiku limene injini inaonedwa komaliza. Kampani yovomerezeka imakakamizidwa kuunikitsa ndege zake pafupipafupi, kuyesa mapayiloti ake mobwerezabwereza, ndi kuwapatsa nthawi yopuma. Payiloti wa Loweruka ndi Lamlungu sapimidwa ndi muyeso umenewo. Komanso ndalama zimasokoneza mutu. Munthu amene akupita ulendo wake, akulipira gawo lake, akaona mitambo yada amatseka chitseko n'kubwerera kunyumba kukamwa tiyi. Koma amene walandira kale za mwini wake, ndipo mwina wadyako, amayamba kuiona mitamboyo ngati ikuyera.

Mawu omalizawa anandilasa, chifukwa ine ndikalandira za mwini wake sizigona. Mu pulani yanga ija, tsiku la mvula ya mphezi ndikanakhala woyamba kumuuza mlamu kuti ndi kamvula kowaza chabe, tiyeni anthuwa alipira kale, ine ndikutsalira pansi ndi chikwama.

Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi ankasankha mpunga ngati sakumva, anakweza mutu. "Abambo, inu amene mumatsinzina n'kuyamba kuulula machimo basi ikamatsetsereka phiri la ku Chikwawa, mukufuna bizinesi ya ndege?" Ndinayankha kuti mwini bizinesi sakwera, amangowerenga ndalama. Iwo anati ndibweze kope la mwana, mawa ali ndi mayeso. Ndinang'amba masamba anga atatu n'kulibweza, ndipo kampani yathu inatsekedwa mwamtendere popanda ngongole.

Mlamu walonjeza kuti ndikadzapeza viza adzandikweza, ndipo gawo langa adzaliwerenga ndege isananyamuke, ine ndili maso. Ndapempha nthawi yoti ndiganize.

Tsono inu abale muli ku America, ku Britain, ku Joni ndi kwina kumene tindege tating'onoti tili mbwee, tsiku lina mnzanu wa kuntchito kapena wa kutchalitchi adzakuuzani kuti tiyeni tiuluke, tisonkherana mafuta. Palibe choipa, pitani mukaone dziko kuchokera kumwamba. Koma musanamange lamba mufunseni zitatu: laisensi yanu ndi yamtundu wanji, inuyo mukulipira zingati, ndipo kumene tikupitako inu mukukatani? Akayamba kukanda m'mutu, kapena akakuuzani kuti wina akafunsa munene kuti ndinu amalume ake, tsikani mukakwere basi. Safunsa anadya phula.