Mphunzitsi Wopachika Pakhoma

M'tauni muno mwabwera mphunzitsi wa Chingerezi amene sanyanyala ntchito, sadandaula za malipiro, ndiponso saitanitsa ndalama ya patitaimu. Amangopachikidwa pakhoma pabalaza, n'kumadya mayunitsi a magetsi. Kaya ndi ku Kawale, ku Ndirande kapena ku Chibavi, makolo agwirizana chimodzi: mwana akakhala pa TV kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndiye kuti ali m'kalasi. Yesani kumutuma tomato, mumva mayi ake ali kukhitchini: "Musiyeni, akuphunzira!"

Zipatso zake tikuzimva ndi makutu athu. Kamwana ka zaka zinayi kakuyankhula ngati kanabadwira ku London, chonsecho aphunzitsi ake ndi kankhumba kotchedwa Peppa Pig. Mchemwali wake amakhalira Zee World, ndiye Chingerezi chake chonse n'cha misozi, cha apongozi ankhanza ndi maukwati okakamiza. Amalume anachita maphunziro awo pa Africa Magic. Akapsa mtima amakulozera chala n'kukuopseza m'Chingerezi cha ku Lagos, mawu aliwonse kuthera ndi "o". Bambo a pakhomopo sukulu yawo ndi ligi ya ku England. Pa nkhani ya penate, ofusayidi ndi kukondera kwa oyimbira mpira sungawathe, koma akalowa m'banki amayamba kufufuza m'matumba n'kunena kuti aiwala magalasi, mpaka mlonda awalembere fomu. Banja limodzi, Chingerezi cha mayiko angapo, ndipo pa nsima ya madzulo palibe womva mnzake kufikira wina atatopa n'kunena kuti, "Tandipatsirani mchere."

Tsiku losangalatsa ndi limene agogo afika kuchokera ku Ntcheu, thumba la mbatata ya kachewere lili pamutu. Akhala pansi, apukuta thukuta, akudikira kuti mdzukulu agwade awapatse moni. Mdzukulu atulukira, maso ali pa foni, akweza kadzanja: "Hi guys!"

"Akuti chiyani mwanayu?"

"Pepani amayi, ameneyu Chichewa sachimva bwinobwino."

Mawuwo ndi opepesa, koma taonani nkhope ya mpongoziyo. Yawala ngati akulengeza kuti mwana wasankhidwa ku Kamuzu Academy. Agogo angoti "Ooh, chabwino," n'kuyamba kumasula thumba. Patapita kanthawi, panja pamveka phokoso: ana a aneba alanda mpira. Mwana uja wosamva Chichewa akuwalalatira m'Chichewa chenicheni chakumsika, chosaphonya ngakhale liwu limodzi, mpaka agogo agwira pakamwa. Mayi ake akweza voliyumu ya TV.

Tisanamizire mphunzitsi wapakhomayu kuti sachita kanthu. Khutu amatsekuladi, ndipo ana a masiku ano mzungu akawafunsa njira sathawira kuseri kwa nyumba. Vuto lake ndi ulemu wochuluka. Iye amangoyankhula, iwe ukalakwitsa sakudzudzula. Ungathe kumumvera zaka khumi, sadzakufunsapo funso n'kudikira yankho, sadzakuuza kuti imirira ubwereze. Foni nayo ndi chimodzimodzi. Wachinyamata agula bandulo ya usiku ya Airtel kapena TNM atalumbira kuti lero ndi lero, aphunzira galamala pa YouTube. Phunziro liyamba bwino, mphindi zitatu zidutsa, kenaka chala chiterereka chokha kupita pa TikTok. Tambala akulira, bandulo yatha, ndipo chimene waphunzira ndi kavinidwe katsopano.

Ife a m'tauni ndi amene timawononga zinthu, chifukwa Chingerezi timachiyeza ndi mphuno. Munthu akangoyankhulira m'mphuno, n'kumeza theka la mawu, mu minibasi monse muli zii, kondakitala mpaka amutchula kuti bwana ndipo chenji amupatsa chokwanira. Kaya wanena zomveka kaya ayi, palibe wofunsa, poopa kuoneka wakumudzi. Koma pepala la MANEB lilibe makutu. Silimva kuti mwanayu amatchula mawu ngati wa ku New York. Limangofuna chimangirizo chokhala ndi mutu, thunthu ndi mathero. Ndipo aliyense amadziwa kuti ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale masamu utawakhoza chotani. Zotsatira zikatuluka, m'nyumba muja mumakhala msonkhano wofufuza amene walodza mwana, TV ili pompo pakhoma, osaikayikira n'komwe.

Pa layini yathu pali mkulu wina, mphunzitsi wopuma ntchito. Anamaliza sukulu kalekale, dziko lino lisanakhale ndi kanema wakewake, paja Television Malawi inayamba mu 1999. Chingerezi chake anachipeza pa bolodi, m'mabuku ong'ambika zikuto, pa wailesi ya mabatire, ndi pa bolopeni yofiira ya ahedi imene inkasiya kope lonse lili magazi okhaokha. Akamayankhula, L ndi R zimasinthana malo momwe zafunira, ndipo anyamata a pa shopu amamuyeseza akangodutsa. Masana amamuseka. Kukada amagogoda pakhomo pake mmodzimmodzi, aliyense atapinda pepala m'thumba, kuyang'ana uku ndi uku kuti anzake asamuone.

Wina anabwera ndi kalata yofunsira ntchito ya ukalaliki. Mkuluyo anavala magalasi, anayandikiza nyali, poti magetsi anali atapita kokayenda, n'kuwerenga mwakachetechete. Kalata inayamba ndi "Hey boss", mawu ena anali chilembo chimodzi chokha, ndipo kumapeto mnyamatayo anajambula pamanja kankhope komwetulira.

"Mwana wanga, kalatayi ikupita kwa bwana kapena kwa chibwenzi?"

"Kwa bwana, madala."

"Khala pansi. Tenga bolopeni, ulemba wekha. Ine ndizingokubweza."

Anamubweza kasanu. Mtengo anagwirizana paketi imodzi ya shuga. Kalata itaoneka ngati kalata, mnyamata anaipinda bwinobwino, anaimirira, n'kukunga chibakera kuti agundanitse ndi cha mkuluyo: "Thanks, bro!"

Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bulo wako ndani? Shuga uja abwere mapaketi awiri."