Nguwo yobwereka, belo lake lomwelo

Akuluakulu amene anati nguwo yobwereka siilimba m'thupi sanaone belo la kaunjika likumasulidwa pamsika wa Lirangwe. Akanaona, bwenzi atayamba kaye kukanda m'mutu. Jekete losokedwera chisanu cha ku Canada limalimba ndithu pathupi la mnyamata wa kabaza wa kwa Chigaru, ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Agogo nawo amapita kumaliro atavala malaya olembedwa dzina la timu ya ku Chicago, osadziwa ngati timuyo inawina kapena inagwa kale. Poona izi munthu akhoza kunena kuti mwambiwu unatha ntchito.

Komatu sunathe. Chimene chinavuka ndi luso, osati malaya. Pamene David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo momwe. Ena ankasula nyanda ya khungwa la mombo. Pambuyo pa ufulu, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inkaveka dziko lonse, isanagulitsidwe kwa a Mapeto mu 2003. Thonje likulimidwabe ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, koma lambiri limatuluka m'dziko lisanawombedwe, ife n'kumadikira kuti mzungu anenepe, buluku limuthine, atitumizire. Ngakhale chitenje, chimene timachitcha chathuchathu, nthawi zambiri chimakhala chodindidwa ku Tanzania kapena ku China. Telala wapakhonde, yemwe kale ankayeza munthu ndi kumudulira suti, lero ntchito yake yaikulu ndi kubweza m'chiuno.

Wina anena kuti kaunjika sitibwereka, timagula ndi ndalama zathu, ndiponso mayi wa ana asanu sangaveke banja ndi mbiri ya Amang'anja. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo wonyoza kaunjika ayambe wafufuza kolala ya malaya ake omwe. Koma yoyambayo ndi yopepuka. Kubwereka sikuli pa kulipira kokha. Wobwereka ndi amene savala msinkhu wake, sasankha mtundu, amangolandira zimene mwiniwake watopa nazo. Ndipo dola ikasowa, kwacha ikagwa ngati mu Novembala 2023, belo limakwera mtengo, nguwoyo n'kuyamba kutsetsereka ndithu.

Nanga tingoletsa? Apa ndiye pali nthabwala imene makolo sanailote. Dziko la Rwanda linakweza msonkho pa zovala zakaunjika mu 2016 pofuna kudzutsa mafakitale ake, ndipo mu 2018 America inalichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho pansi pa ndondomeko ya malonda ya AGOA. Kale mwini nguwo ankakwiya ukachedwa kubweza. Wa masiku ano amakwiya ukakana kubwereka.