Ahedi a Sukulu ya Pakhonde

Ndamva kuti ku America kuli makolo amene amaphunzitsa okha ana awo pakhomo mwadala, popanda mliri, sukulu ili chitsegukire kuseri kwa nyumba yawo. Akuti amachita kusankha. Anthu amenewa ndikulakalaka nditawaona, ndiwagwire chanza, kenako ndiwafunse mwaulemu ngati achibale awo akudziwa. Ndikuyankhula monga katswiri, chifukwa inenso ndinakhalapo mwini sukulu, ahedi, mphunzitsi wa makalasi onse, woimba belu ndiponso mlonda, maudindo onsewa pa khonde limodzi kuno ku Chileka.

Sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Pofika pa 1 Epulo, ndege zonyamula anthu ochokera kunja zinaleka kutera. Kwa inu a ku Ndirande imeneyo inali nkhani ya pa wailesi chabe. Kwa ine, woyendetsa takisi ya eni ake pabwalo la ndege, kunali kutha kwa ntchito. Abwana anatenga makiyi awo, ine ndinatenga mpando. Pakhomo panatsala munthu mmodzi wobweretsa ndalama, mayi akunyumba, ndi geni yawo ya tomato ndi anyezi wopikula ku Lunzu.

Tsiku lina m'mawa, akutwika dengu, anaima pakhomo n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana ana atatu amene ankalimbirana chikho chimodzi cha tiyi.

"Abambo, paja si inu mumanena kuti aphunzitsi amalandira ndalama yaulere? Anawo ndi amenewo."

Mlandu suola. Mawuwo ndinkawanenadi pabawo, mokweza, kuti munthu woweruka dzuwa lili paliwombo, wopuma holide katatu pachaka, asamatisokose ndi nkhani ya malipiro. Ndipo sindikuwabweza. Ndikungofotokoza zimene zinachitika.

Sukulu ndinaikonza mwaluso, zimenezo ngakhale adani anga angavomere. Bolodi linali chitseko chakale cha khitchini, chopakidwa mwaye wa m'mabatire. Belu linali limu ya galimoto, yopachika pamtengo wa mango. Choko sichinapezeke, ndiye ndinagwiritsa ntchito makaka, monga ankachitira aphunzitsi athu zinthu zikavuta. Ophunzira olembetsa anali awiri, wachisamba wa Sitandade 3 ndi mng'ono wake wa Sitandade 1. Chitsiriza wa zaka zitatu anadzilembetsa yekha. Asembule inayamba pa nthawi yake, ine nditamanga tayi. Tinaimba nyimbo ya fuko, ndinayendera zikhadabo, ndinalankhula za mwambo. Potembenuka kuti ndilembe deti, ndinapeza chitsiriza akumaliza kutafuna choko cha temu yonse.

Tinayamba ndi kuwerenga, poti pamenepo ndiye pamudzi pathu. Ine ndine mwana wa buku la Sosa, ndipo Chingelezi ndinachiphunzira kwa Timve ndi Tsala. Ndinalemba a e i o u, m'munsi mwake ba be bi bo bu, n'kuloza ndi kamtengo monyadira. Wa Sitandade 1 anakweza mkono.

"Adadi, amadamu satero."

"Pano palibe adadi. Pano pali sala."

"Sala, amadamu satero."

Zinapezeka kuti chiyambire 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme, ana amayamba ndi maliwu a malembo, ndipo malembowo sabwera mundondomeko imene ife tinaloweza ndi chikoti. Amayamba ndi a, kenako n, i, k, u, m, e, t, o, kuti mwana afulumire kulumikiza maliwu n'kupanga mawu. Palibe amene anandifunsa maganizo posintha zimenezi. Mwanayo anaimirira kuti andisonyeze. Anatseka milomo n'kung'ung'udza liwu la m, kenako anayamba la k, mobwerezabwereza, kukhosi. Ndinathamangira madzi poganiza kuti watsamwa. Pobwera ndinapeza nkhuku zonse za pakhomo zafika m'kalasi, zikudikira madeya.

Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti "amadamu satero" anakhala lamulo lalikulu la sukulu yanga. Ndikagwira buku, amadamu sagwira choncho. Ndikachonga, amadamu amachonga ndi cholembera chofiira. Ndikathyola kamtengo ka pichesi, onse awiri pamodzi: amadamu sakwapula, n'zoletsedwa. Mayi ameneyu ndinali ndisanamuonepo nkhope, poti misonkhano ya makolo ndinkatumako akunyumba, koma ankalamulira khonde langa ali kwawo.

Masamu ndiwo anandivula tayi. Ndinkaphunzitsa wachisamba kuchotsera, 52 kuchotsapo 17. Ndinafotokoza bwinobwino kuti 2 sangachotse 7, ndiye timapita kwa neba wake 5 kukabwereka. Mwanayo anaganiza kwa kanthawi.

"Nanga tikabwereka timabweza liti?"

"M'masamu sitibweza."

Mawu anachokera kukhitchini, kumene ndinkayesa kuti kulibe munthu: "Afunse bwino adadi akowo. A pagolosale akudikira yankho lomwelo."

Phunzirolo linathera pomwepo, ndipo tinalowa masewero olimbitsa thupi.

Boma silinatitaye. Linaika maphunziro pa wailesi ya MBC, mphunzitsi akulankhula ali kutali, akufunsa funso n'kusiya kampata kuti ana ayankhe. Njira yabwino kwambiri. Vuto lake linali lakuti kampatako kankandiyabwa. Mphunzitsi akangofunsa, ine ndinkayankha ana asanatsegule pakamwa, mokweza, kuti aone chitsanzo. Kenako mphunzitsi uja ankanena yankho lake, lomwe kawirikawiri linkasiyana ndi langa, ana n'kundiyang'ana. Ndinawafotokozera kuti masamu a ku studio ndi ena. Komanso musaiwale kuti chinali chaka cha chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, ndipo wailesi pakhomo inali imodzi, mabatire awiri. Munthu wamkulu sungathere mabatire pa maliwu a malembo dziko likusankha mtsogoleri. Pa sabata zimenezo ana anga anaphunzira kwambiri za ufulu ndi udindo wa nzika, moti chitsiriza ankatha kutchula dzina la Chifundo Kachale, wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho nthawi imeneyo, asanathe kutchula lake.

Tsono nkhani ya phala. Kusukulu kwa anawa amamwa phala la Mary's Meals, ndipo sukulu zitatsekedwa bungweli linayamba kupereka ufa kwa makolo kuti azikaphikira ana kunyumba. Ufawo utangofika, mbiri ya sukulu yanga inamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Mwana wa aneba anabwera ndi kapu. Mawa lake anabwera ndi kapu komanso msuweni wake. Ndinakumbukira 1994, Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, ana atalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ife tikuphunzirira pansi pa mtengo chifukwa m'kalasi munalibe popondapo. Ine ndinkati akubwerera luso la mphunzitsi. Akunyumba anandiuza kuti ndiwerenge ana phala lisanapse, ndiwerengenso makapu atatsukidwa. Kafukufuku ameneyo sindinamuvomereze.

Ufa unatha msanga, ndipo panamveka mphekesera zoti ahedi amalawa mopitiriza. Ahedi aliyense wosamala amalawa chakudya cha ana. Nkhani ya kukula kwa mbale yolawira ndi ya ofesi.

Mwambo unandivutako pang'ono. Tsiku lina wachisamba anajambula munthu wamimba yaikulu, womanga tayi, pabolodi. Magazi anawira. Ndinaiwala kumene ndinali, n'kukuwa monga ankakuwira ahedi athu:

"Choka! Usabwerenso mpaka ubwere ndi kholo lako!"

Mwanayo anatuluka mwaulemu, anazungulira nyumba, anatulukira mbali inayo, anagwada.

"Adadi, akukuitanani ahedi."

Mlanduwo unakambidwa madzulo, akunyumba ali pampando wa komiti ya makolo. Chigamulo chinali chakuti chithunzicho chikufanana ndi mwini wake, ndipo mwana apatsidwe malikisi a luso.

Nthawi yokolola itakwana, kunabwera apongozi kuchokera ku Lirangwe, akudandaula mtengo wa minibasi, poti masiku amenewo zinkanyamula anthu ochepa pampando ndipo makondakitala ankalipiritsa ndi mpata womwe. Mayi ameneyu sanapite patali ndi sukulu. Anayang'ana bolodi langa, anayang'ana limu, anafunsa ngati chitsekocho chilibe ntchito ina. Kenako anayala mkeka n'kuitana adzukulu kuti atong'ole chimanga. Ndinachenjeza kuti akusokoneza ndondomeko ya maphunziro. Anandiyankha mwaulemu wonse wa mpongozi, maso ali kumbali: "Pepani bambo, tingobwerekako anawa pang'ono."

Ndili pampando wanga ndinkamva zonse. Zitsononkho anaziika m'milu ya khumikhumi. Wina achotsepo zisanu ndi ziwiri, zatsala zingati? Mulu ukapanda kukwana, ankamasula mulu wina. Kubwereka kuja kumene kunandithawitsa ine kunkachitika pamkeka popanda wotchula golosale. Mawa lake anakazinga zitumbuwa n'kumukhazika wachisamba pamsewu wopita ku bwalo la ndege, ndi mbale ndi ndalama zachitsulo. Mwana amene ankalira ndi 52 kuchotsapo 17 anabweza chenji cha K500 osaphonya, ndipo anandikaniza ine ngongole ya chitumbuwa chimodzi. Madzulo kunali nthano ndi ndagi. Agogo akati "Ndagi!" ana onse, ndi a aneba omwe, opanda kapu m'manja, ankayankha "Gize!" Wa Sitandade 1 sananene ngakhale kamodzi kuti amadamu satero.

Anthu osadziwa za maphunziro angaganize kuti apongozi anandiposa. Iwo anangofolera nyumba imene maziko ake ndinakumba ndine.

A Sitandade 8 anabwerera kusukulu pa 7 Seputembala, ang'onoang'ono pa 12 Okutobala. Tsiku limenelo ndinadzuka tambala woyamba, ndinasita mayunifolomu, ndinawaperekeza mpaka pakhomo pa kalasi. Ndi pamene ndinawaona amadamu aja. Kamayi kochepa thupi, kovala chotseka pakamwa, kutsogolo kwa ana amene sindinathe kuwawerenga, okhala pansi mpaka kukhoma. Kanawomba m'manja kamodzi, kalasi yonse zii. Ndinafuna kupereka malangizo angapo monga mnzawo pantchito, koma anali otanganidwa.

Mu Januwale 2021 matenda anakulanso ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsekanso sukulu. Limu inabwerera pamtengo wa mango. Itakwana nthawi yotsegulira mu Febuluwale, aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe lawo la Teachers Union of Malawi, ananyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo. Anzanga pabawo ankadikira kuti ndiwanyoze monga kale. Ine ndinali kalikiliki kulemba kalata yanga, yopita kwa wapampando wa komiti ya makolo, yopempha alawansi yomweyo, kuphatikizapo ya choko chodyedwa ndi ya kunyozedwa pa ntchito. Ndinaopseza kuti akapanda kuyankha ndinyanyala.

Akunyumba anaiwerenga ali chiimire, anapisa dzanja m'dengu, anandipatsa tomato wofewa amene anakanika kugulika. Ndinanyanyaladi. Ndinavula tayi, ndinatembenuza mpando kuloza kumsewu. Belu linalira pa nthawi yake. Wachisamba anatola chikaka n'kuyamba kuphunzitsa mng'ono wake kuchotsera ndi zitsononkho, chitsiriza ali mlonda wa nkhuku. Dzuwa litapendeka ananditumizira nthumwi kudzandiuza kuti ngati ndikufuna kukhala pafupi ndi sukulu ndichepetse mkonono, ndikusokoneza kalasi.