Ulemu kwa Masanzi a Gogo Chona

Mphaka watamandidwa mokwanira. Alimi amamuyamikira posunga nkhokwe ku makoswe, ndipo Aigupto akale anafika pomangira Bastet, mulungu wawo wamutu wa mphaka, kachisi mumzinda wa Bubastis. Koma ntchito imene chona amaigwira modzipereka akakalamba, ntchito yosanza, palibe amene anaiombera m'manja. Nkhanza zimenezi zithe lero.

Taonani khalidwe la masanziwa. Sabwera mozemba ayi. Amayamba aodira kaye pakati pa usiku, mimba ikukokakoka, khosi litatambasuka, phokoso lili khu! khu! kuti eni nyumba adzuke adzachitire umboni. Malonso amasankha mwaulemu. Pasimenti pokolopeka msanga sagwapo. Amafuna mkeka watsopano, bulangete losungira alendo, kapena nsapato ya kutchalitchi, m'kati mwenimweni, kuti phazi lidzawalonjere Lamulungu m'mawa.

Nanga luso! Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, motero ubweya umene wanyambita sangaulavule, amangoumeza. Pakapita masiku umatuluka utaumbidwa bwinobwino ngati kachitsononkho konyowa. Mmisiri wina uti amene angaumbe zotere mumdima, wopanda manja?

Koma ulemerero weniweni wa masanzi uli pa uneneri. Mphaka ndi nyama yobisa ululu. Sabuula, sadandaula, amangogona padzuwa inu n'kumati ndi ukalamba chabe. M'thupi lonselo, masanzi okha ndiwo alibe chinsinsi. Chona akadutsa zaka 10, nthawi zambiri amene amawatuma ndi impso. Zikatopa, zonyansa zoyenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi, nseru n'kuyamba. Apo mudzaona gogo akumwa madzi mosalekeza, mpaka kukanyambita pampopi, akukodza pafupipafupi, thupi likutha. Pena wotuma ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, nthenda imene madokotala anayamba kuilemba mwa amphaka mu 1979: mphaka amadya osakhuta, amalira usiku, koma nthiti zikuwerengeka. Shuga, chiwindi, kutupa kwa matumbo ndi khansa yotchedwa lymphoma nazonso zimatumiza uthenga wawo kudzera pakhomo lomweli. Mneneri wa boma amasankha zoti anene. Uyu amakhuthula zonse.

Ndipo saopa nkhope ya munthu. Mwampatsa mkaka poganiza kuti mwamukonda, pamene mimba ya mphaka wamkulu sigaya bwino mkaka? Mudzaupeza pamkeka. Mwathira tameki kuseri kwa thumba la chimanga, chona n'kudya khoswe wofooka ndi mankhwalawo? Mlanduwo uululika usiku womwewo. Mwaiwala mankhwala a njoka zam'mimba? Tsiku lina njokayo idzabwera yokha, ikuyendayenda, kudzakukumbutsani. Ena akaona zotere amathamangira kunena kuti mphaka wam'lodza woyandikana naye nyumba. Masanzi sanamizira munthu, ndife timanamizira.

Chondipweteka n'chakuti mlendo wolemekezeka chotere timamulandira ndi chikolopa ndi mawu otukwana, osamva n'komwe chimene wabwerera. Ena amaonjeza kumwetsa mphakayo Panado, osadziwa kuti kwa mphaka mankhwala amenewa ndi poizoni, piritsi limodzi likhoza kumupha.

Tsono inu osunga gogo chona, musafulumire kukolopa. Weramani, muone kaye ngati muli ubweya, chakudya chosagayika, thovu lachikasu, njoka kapena magazi, ndipo kumbukirani kuti zachitika kangati. Akasanza kangapo tsiku limodzi, akamabwereza sabata ndi sabata, akakana chakudya tsiku lathunthu kapena akamaonda, mutengereni kwa dokotala wa ziweto akamuyeze magazi ndi mkodzo. Nsapatoyo mudzachapa mukabwerako.