Wayatsa phiri ndani? Zomveka mu Zomba chilimwe chino

Seputembala akafika, anthu a mu Zomba sadikira wailesi kuti iwauze zoti phiri lapsa. Madzulo ukangotukula maso, kaya uli pa depoti kaya ku Matawale, umaona mzere wofiira ukukwawa m'mbali mwa phiri, ndipo m'mawa mwake azimayi amapeza timaphulusa takuda pa zovala zimene zinagona pachingwe. Kuyambira pamenepo tauni yonse imasanduka bwalo la milandu. Oweruza ndi ambirimbiri, mboni ndi zosawerengeka, woimbidwa mlandu yekha ndiye saoneka.

Oyamba kutchulidwa chaka chilichonse ndi anyamata a mbewa. Mu minibasi ya ku Chinamwali, mayi wina wa dengu la tomato anaugamula mlandu tisanafike ndi patali pomwe: ati ana amenewa amatentha tchire kuti mauna aoneke, akapeza tiakapuku tawo tiwiri n'kumapita kwawo, moto n'kuusiya ukudzilamulira wokha. Kondakitala, amene amaoneka kuti khasu la mbewa anagwirapo ali mwana, sanalole. “Amayi, mbewa yanji ingakhale m'paini, mopanda ndi njere yomwe ya chimanga?” Galimoto yonse inaseka. Onse awiri ananena zoona. Mbewa zimakhala m'minda ndi m'madambo a m'tsinde mwa phiri, koma moto ukayamba kumeneko sukhala pansi. Umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amayamba awamba udzu wa kumtunda asanaufike. Ukangolowa m'paini, momwe masamba ouma aunjikana ndi utomoni uli thothotho, zatha.

Mu msika waukulu mlandu umasintha mwini malinga ndi benchi imene waima. Ogulitsa matsache amaloza alenje a agalu, amene amayatsa kuti akalulu atuluke. Ena amaloza ofula njuchi ndi miuni yawo, koma bambo wa uchi wa m'mabotolo anangoti nyamu pampando, nati iwo a ming'oma ndiwo oyamba kulira moto ukadutsa, popeza njuchi zimathawa, maluwa amapsa, mng'oma nawo umapsa. Oweta ng'ombe amatchulidwanso, ati amafuna msipu wanthete umene umaphuka pa lupsa. Osuta chingambwe nawo sasiyidwa. Amene satsutsa chilichonse ndi anyamata a makala: amangokankha njinga zawo mwakachetechete, chikhalirecho aliyense akudziwa kuti uvuni ikabooka usiku mwini wake ali m'tulo, nkhalango ndiyo imalipira.

Amene ndimawamvera chisoni ndi agogo ogulitsa udzu wofolera. Iwo samwetera tsiku limodzi. Amamweta pang'onopang'ono, n'kumaimika mitolo kutchire komweko kudikira woisenza. Moto wa usiku umodzi umadya ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo mvula ikayandikira mtolo umakwera mtengo moti wosauka amalowa dzinja denga likudontha. Pokamba za moto wolusa timathamangira kuwerenga matabwa, n'kuiwala udzu, bowa, masuku ndi zipatso zofiira zija zimene ana amagulitsa m'mbale pa msewu wokwera ku Ku Chawe.

Pa bawo nkhani yake imakambidwa motsitsa mawu. Kumeneko madala sakhulupirira za mbewa. Ati moto wina ndi wa mkwiyo: munthu analambula, anadzala, malipiro osaoneka, ndiye machesi ndi amene amamuyankhulira. Enanso ati pali ochenjera amene amayatsa dala kuti mitengo yowauka igulitsidwe motchipa kwa ocheka matabwa. Akafika apa amakumbutsana za Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala pafupifupi 53,000 ku Viphya, imene moto ndi macheka zaidya chaka ndi chaka mpaka zitunda zina zinatsala mbee. Mdala wina, akusuntha nkhomo zake, anangoti moto umapita kumene kwatsala tchire, kutanthauza kuti Zomba isaseke Chikangawa.

Koma pa zonse zimene ndamva, za agogo a ku Domasi ndizo zandikhala mumtima. Iwo akuti moto suzimitsidwa mu Okutobala, umazimitsidwa mu Meyi ndi Juni. Kale, ati, munthu sunkangoyatsa tchire mmene wafunira: unkadikira amfumu alengeze kuti udzu wamwetedwa. Ndipo a zankhalango ankalambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, n'kutentha okha zigawo zina m'mawa kapena madzulo kukuzizira. Moto wa nthawi imeneyo ndi wofatsa, umangonyambita udzu n'kusiya mitengo ya msuku ndi mombo ili chilili. Wa mu Okutobala, dzuwa litaphulika ndipo mphepo ikuukankha, umapha timitengo tonse tating'ono n'kuwamba dothi mpaka kutsala fumbi. Akatswiri a zankhalango, amene likulu lawo la kafukufuku lili mu Zomba momwemuno, amaphunzitsa zomwezo. Lamulo nalo lilipo: la zankhalango la 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo.

Pa mpopi ndiye pamene nkhani imasiya kuseketsa. Madzi a tauni ino amachokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri lomwelo. Phiri likakhala lopanda chofunda, mvula siilowa pansi, imangotsetsereka ndi dothi n'kukalitaya m'damu, ndipo chilimwe chotsatira akasupe amauma msanga. Achikulire amakumbutsa za napolo wa 1946 amene anatsika m'phiri lino n'kukokolola milatho ya mu tauni, pomwe achinyamata safunikira kuuzidwa: anaona okha zimene matope a ku Soche anachita ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mvula yoopsa ngati ija palibe angailetse, koma phiri lometedwa ndi moto ndi nkhwangwa limagonja msanga.

Ndiye chimene chikundiwawa n'chakuti nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, tonse timaidziwa, timavala malaya a chikumbutso n'kukumba maenje. Nyengo yolambula ilibe malaya, ilibe nyimbo, ndipo mbande zathu zambiri zimafa zisanakwanitse chaka. Amene amakwera phiri usiku kukalimbana ndi malawi ndi anthu a m'makomiti a m'midzi pamodzi ndi alonda ochepa a nkhalango, atanyamula nthambi zaziwisi, ena atavala mapatapata.

Mmodzi wa iwo, mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi mlatho wa Likangala, anamvetsera mkangano wa makasitomala ake wokhudza tsiku limene chizimalupsa chigwe, wina akuti sabata ino, wina akuti mitambo ija ndi utsi chabe. Iwo anangopukuta manja pa chitenje nati: “Achimwene, zolosera mvula tisiyireni Mulungu. Ife mutipezere zikwanje, makhasu ndi majombo Meyi asanathe, mudzaone ngati chaka chamawa phiri lidzapse chonchi.”