Tsiku limene dzungu linanditaya pakati pa nyanja

Ine dzungu ndinkalinyoza kuyambira kale. Limangodzimerera padzala kuseri kwa nyumba, osalibzala, osalipalira, ndiye munthu wa ndevu zake angalemekeze bwanji chinthu chaulere? Kachewere ndi nkhani ina. Kuno ku Metangula amakana kutentha. Amachokera kozizira ku Lichinga, kukwera chapa ngati munthu, kutsika mapiri a Maniamba, pofika pamsika mtengo uli m'mwamba. Dzina lomwe amamutchula ogulitsa, batata reno, ngati la bwana wa kuboma. Usipa ukayenda malonda ndinkakhala pachiwaya n'kumadya tchipisi poyera, pang'onopang'ono, kuti odutsa aone kuti kwathu kulibe mavuto.

Amene anandiulula ndi lamba. Anasamuka bowo ndi bowo mpaka ndinaboola lina ndi msomali wamoto. Kuchipatala anamwino anandikweza pasikelo, kuyang'ana sikelo, kuyang'ana ine, kuyang'ananso sikelo.

"Bambo, mumadya chiyani kwenikweni?"

Ndinatchula kachewere mokweza kuti apamzere amve. Iwo osatekeseka. Anati magalamu 100 a kachewere wowiritsa ali ndi makalori pafupifupi 87, pamene dzungu lowiritsa lolemera chimodzimodzi lili ndi pafupifupi 20, poti kwambiri ndi madzi. Kachewere yemweyo mukamuviika m'mafuta a pachiwaya, makalori amaposa katatu. Anatinso chikasu cha mkati mwa dzungu ndicho thupi limasandutsa vitamini A wothandiza maso, amene mwa kachewere mungamufune ndi nyali osamupeza. Anapitiriza kuti kachewere naye ali ndi zake, potaziyamu, vitamini C ndi mphamvu yogwirira ntchito, koma apa n'kuti ine nditaimirira kale. Munthu wanzeru safuna kuuzidwa zonse.

Kufika kunyumba ndinalengeza lamulo: kuyambira lero ine ndi dzungu, dzungu ndi ine. Nsima ayi, kachewere ayi. Mayi akunyumba anangoti, "Chabwino abambo," ndi mawu aja amene amanena akadziwa kuti chinthu chigwa chokha.

Tsiku lachinayi madzulo ndinadya zibenthu zitatu, mimba tololo, n'kukwera bwato ndi alamu anga kukaponya chilimira. Iwo anali atameza kondowole wolemera ngati mwala wa nangula. Kupita tinapita bwino. Pobwerera mwera unayamba, ndipo mphamvu ya dzungu inali itatuluka kale ndi mkodzo. Nkhafi inasanduka mtanda wa denga. Mawondo njenjenje, m'mimba mukulira ngati injini yopanda petulo. Koma maso, abale, vitamini A si bodza! Magetsi a ku Metangula ndinkawaona bwinobwino, limodzilimodzi, mwina ndi agulugufe owazungulira omwe. Kuona ndinkaona, kufikako ndiye ayi.

"Alamu, palasani!"

"Ndikuyang'ana njira, alamu."

Anapalasa okha mpaka kumtunda, ine nditagona pa usipa ngati kampango wogwidwa dzulo.

M'mawa mayi akunyumba sananene kanthu. Anangoika patsogolo panga futali wa maungu wothira nsinjiro, pambali nthanga zokazinga zothira mchere. Ndinamva pambuyo pake kuti mafuta a mu nsinjiro ndiwo amathandiza thupi kutenga vitamini uja, ndipo nthanga zimene ndinkatayira nkhuku zili ndi zomanga thupi zambiri kuposa dzungu lenilenilo. Masana kunabwera kondowole, nkhwani ndi usipa. Ndinadya mwakachetechete ngati mlendo, lamulo langa litagona pansi pa mphasa. Kachewere amabwerabe Lamlungu, koma wowiritsa, ndipo ndimadyera m'nyumba.

Lamba wabwerera bowo limodzi. Kudooko ana akunditchula kuti Bambo Dzungu, ndipo alamu anga sandilola kukwera bwato ndisanawauze chimene ndadya.