Mlandu wa Chuma cha Malemu f

Nduna inaomba m'manja n'kulengeza mlandu. Malemu anasiya lamulo lakuti f(x+y) = f(x) + f(y), n'kuwonjezera kuti f(1) = 2, ndipo wokwanira m'mawu amenewa ndiye adye chuma. Wodandaula, bambo f(x) = 2x, omwe pamudzi amawatcha a Mzere chifukwa sakhota poyenda, anati mwana ndi iwo okha.

"Gogo Chalo, werengani nokha. f(2) ndi 2 kuphatikiza 2, ndiye 4. Matheka awiri amapanga 1, choncho f ya theka ndi 1. Kaya mutenge 3/4, kaya 22/7, mupeza ine."

Kumbuyo kunadzuka mkulu wina, nati ndi malume a ana ena a malemu. "Nanga √2 mwaisiya kuti? Imene ija silembeka ngati nambala yogawa ndi inzake."

A Mzere anakalipa kuti Cauchy anaithetsa kale nkhaniyi mu 1821. Nduna itafunyulula mapepala inapeza kuti n'zoona, koma Mfalansayo anayamba wapangana kuti mwanayo akhale woyenda mosadumpha. Darboux mu 1875 anapeputsako: akangokhala wosadumpha pamalo amodzi, basi ndi a Mzere.

"Malemu sanatchule za kudumpha," anatero malume. "Mu 1905 Georg Hamel anasonyeza kuti mukachotsa panganolo, ana ndi osawerengeka. Pa nambala zogawa amafanana ndi a Mzere, koma pa nambala zina monga √2 aliyense amaponda pake."

"Aitaneni mmodzi timuone," inatero mfumu.

"Sangabwere, Gogo. Palibe angalembe fomula yake. Koma jambulani kabwalo kakang'ono paliponse papepala, mupezamo phazi lake."

Amayi ena anayamba kunong'onezana za ufiti, nduna n'kuwaletsa.

"Nanga mukudziwa bwanji kuti alipo?"

"Pali Axiom of Choice, yomwe Zermelo anaigwiritsa ntchito mu 1904. Imati pakakhala mitanga yosawerengeka, mutha kutola chinthu chimodzi mumtanga uliwonse osanena njira yomwe mwatolera."

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira. Inati njirayo ikuidziwa bwino, ndi momwe inkasankhira olandira makuponi a feteleza. Palibe anaseka, poti mayina a chaka chimenecho anali asanalembedwe.

Itanong'onezana ndi nduna, inagamula. A Mzere alime munda, popeza ndi okhawo angagwire khasu anthu akuona, koma asiye kudzitcha mwana yekhayo mpaka wina atapeza pomwe malemu analetsa kudumpha. Malume alipire mbuzi chifukwa chobweretsa pabwalo anthu osaoneka.

Malume anagwada n'kuthokoza. Anati mbuziyo ilipo ndithu, aisankha kale, kungoti sangathe kuiloza.